Steffi Graf ndi mpeni wa ku Hamburg

Pa 30 Epulo 1993, pabwalo la tenesi la Rothenbaum mumzinda wa Hamburg ku Germany, Monica Seles anali atakhala pampando kuti apumeko pakati pa masewero ake ndi Magdalena Maleeva. Mwamuna wina dzina lake Günter Parche anachoka pamene panali oonerera, nafika kumbuyo kwa mpandowo n'kumubaya ndi mpeni kumsana. Seles anali ndi zaka 19 ndipo ndiye anali pamwamba pa akazi onse osewera tenesi padziko lapansi. Wobayayo anaulula kuti anachita izi pofuna kuti Steffi Graf, mwana wakwawo ku Germany, abwerere pa nambala 1. Zimene ankafunazo zinachitikadi, ndipo kuyambira tsiku limenelo palibe amene angakambe mbiri ya Graf moona mtima osatchula mpeniwo. Ine ndikuona kuti amene amateteza Graf poloza zikho zake zikuluzikulu 22 akugwira nthambi yofooka. Ukatswiri wake unaonekera kale mpeniwo usanasololedwe, ndipo umboni wake ndi woti iye ankapambana pabwalo la mtundu uliwonse.

Graf anabadwa pa 14 Juni 1969 ku Mannheim ndipo anakulira m'tauni yaing'ono ya Brühl. Bambo ake, a Peter Graf, omwe ankagulitsa magalimoto ndi inshuwalansi, anamuyambitsa tenesi m'chipinda chochezera asanakwanitse n'komwe zaka zinayi, pogwiritsa ntchito raketi yamtengo yomwe anaidula chogwirira kuti ikwane m'dzanja la mwana. Mu 1982, ali ndi zaka 13, analowa m'mipikisano ya akuluakulu ndipo pamasewero ake oyamba anagonja kwa Tracy Austin wa ku America. Bambo akewo ankamusankhira okha mipikisano yoti alowe, osalola kuti atope msanga monga zinkachitikira atsikana ena amene anatchuka ali aang'ono. Chikho chake choyamba anachitenga mu Epulo 1986 ku Hilton Head atagonjetsa Chris Evert. Chaka chotsatira anagonjetsa Martina Navratilova m'ndime yomaliza ya French Open ku Paris, ndipo mu Ogasiti 1987 anakwera pa nambala 1, pomwe anakhalapo masabata 186 osatsikapo.

Kuti timvetse chimene chinachitika mu 1988, tiyenera kudziwa kuti mipikisano inayi ikuluikulu ya tenesi siichitikira pansi pofanana. Ku Paris amasewera padothi lofiira, pomwe mpira umachedwa n'kudumpha m'mwamba, kotero wopambana amakhala wopirira. Ku Wimbledon, mu London, amasewera pakapinga, ndipo mpira umathamanga n'kutsetsereka chapansipansi. Ku Melbourne ndi ku New York pansi pake ndi pouma ngati simenti. Osewera ambiri, ngakhale otchuka, amakhala akatswiri pamtundu umodzi kapena iwiri ya mabwalowa. Chaka chimenecho Graf anagonjetsa Evert ku Melbourne, anathambitsa Natasha Zvereva 6-0, 6-0 ku Paris m'mphindi zongopitirira pang'ono 30, anagonjetsa Navratilova ku Wimbledon ngakhale anayamba n'kuluza seti yoyamba, kenako anagonjetsa Gabriela Sabatini ku New York. Patangopita masabata ochepa anakumananso ndi Sabatini ku Seoul n'kutenga mendulo yagolide ya Olimpiki. Asanatero iye, akazi awiri okha, Maureen Connolly mu 1953 ndi Margaret Court mu 1970, ndiwo anatengapo zikho zinayi zonse m'chaka chimodzi, ndipo onsewo analibe mwayi wa mendulo chifukwa tenesi sinkaseweredwa ku Olimpiki m'zaka zawo. Mu 1989 anatenganso zitatu mwa zinayizo, ndipo ku Wimbledon ananyamula chikho tsiku limodzi ndi Boris Becker, mnyamata wa ku Leimen, pafupi ndi kwawo komwe.

Kaseweredwe kake ndiko kamafotokoza zonsezi. Anali ndi miyendo yothamanga kwambiri, moti ankatha kuuzungulira mpira kuti aumenyere kudzanja lake lamanja, kumene kunali mphamvu zake zonse. Mpira ukabwera kumanzere, nthawi zambiri ankaudula chapansi kuti ukagwe n'kukwawa, ndipo mnzakeyo ankakakamizika kuwerama n'kuubweza mokweza, zomwe zinkamupatsa Graf mpata woumenya mwamphamvu. Anthu ena ankati kudula mpirako n'kufooka, koma pakapinga kunali chida choopsa, ndipo padothi miyendo ija inkamaliza ntchito yotsala.

Ena amati mu 1988 Graf anapeza njira yosesedwa kale, popeza Evert anali ndi zaka 33 ndipo Navratilova anali ndi zaka 31. Mfundoyi imaiwala kuti Navratilova anali atapambana ku Wimbledon zaka zisanu ndi chimodzi zotsatizana, kuyambira 1982 mpaka 1987, ndipo mu 1990 anakatenganso chikho chomwecho. Munthu wotha mphamvu sachita zimenezo.

Mfundo yokhudza Seles ndiyo yolemera, ndipo siyofunika kuizemba. Mtsikanayu, wobadwira ku Novi Sad m'dziko lomwe linali Yugoslavia, ankagwira raketi ndi manja awiri mbali zonse ndipo ankamenya mpira usanakwere n'komwe. Anagonjetsa Graf ku Paris mu 1990 ali ndi zaka 16, ndipo mu Malichi 1991 anamulanda nambala 1. Mwa mipikisano ikuluikulu 9 imene inachitika kuyambira Januwale 1991 mpaka Januwale 1993, Seles anatenga 7. Mu 1992 ku Paris anagonjetsanso Graf pamasewero omwe seti yomaliza inathera 10-8, ndipo ku Melbourne mu 1993 anamugonjetsanso. Kenako unabwera mpeni. Seles sanaonekenso pampikisano mpaka Ogasiti 1995, Graf anatenga zikho zinayi zikuluzikulu zotsatira, ndipo khoti la ku Hamburg silinamutsekere Parche kundende koma linangomupatsa chilango cha zaka ziwiri chosakagwira ukaidi. Chigamulo chimenechi chinali chochititsa manyazi, ndipo Seles sanadzasewerenso ku Germany. Pa zikho zikuluzikulu 22 za Graf, 11 anazitenga lisanafike tsiku la ku Hamburg ndipo 11 zinabwera pambuyo pake. Aliyense woganiza bwino avomereza kuti Seles akanapanda kubayidwa, zina mwa zikho za gawo lachiwirizo, makamaka za ku Paris, Melbourne ndi New York, zikanapita kwa iye.

Koma kuvomereza zimenezi sikuchotsa chimene ndikunena. Pa mipikisano 9 ija, iwiri imene Seles sanatenge anaitenga Graf, ndipo yonse inali ya ku Wimbledon. Atakumana m'ndime yomaliza pakapinga mu 1992, pamene Seles anali pachimake, Graf anapambana 6-2, 6-1. Seles sanapambanepo ku Wimbledon moyo wake wonse, pamene Graf anapambanako kasanu ndi kawiri, kotero zikho zitatu za pakapinga zomwe anatenga mu 1993, 1995 ndi 1996 n'zovuta kunena kuti anachita kupatsidwa ndi Parche. Asanabayidwe Seles, awiriwa anakumana kakhumi ndipo Graf anapambana kasanu ndi kamodzi. Sitinganene kuti wina anali atathana ndi mnzake. Mkanganowo unadulidwa pakati, ndipo zimenezi zinapweteka onse awiri, ngakhale kuti bala la Seles silingafanane ndi la wina aliyense. Graf anapita kukamuzonda kuchipatala ku Hamburg, koma zaka zonse zotsatira anasewera atasenza funso limene sakanatha kuliyankha pabwalo. Anagonjetsa Seles m'ndime yomaliza ku New York mu 1995 ndi 1996, komabe anthu ankati uyo sanalinso Seles wakale, ndipo mwina ankanena zoona.

Zaka zimenezo sizinali zofewa monga zimaonekera pamndandanda wa zikho. Msana unkamuvutitsa kwambiri, ndipo mu Ogasiti 1995 bambo ake anamangidwa pamlandu wozemba msonkho pa ndalama zimene iyeyo ankapeza. Anatenga chikho cha ku New York chaka chimenecho bambo ake ali m'chitokosi, ndipo mu 1996 anatenganso zikho zitatu zikuluzikulu mlandu uli mkati. Mu Januwale 1997 khoti linawagamula kuti akakhale kundende zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi inayi. Chaka chomwecho Graf anachitidwa opaleshoni ya bondo, nambala 1 inapita kwa Martina Hingis wa ku Switzerland, ndipo ambiri ankati zake zatha.

N'chifukwa chake mpikisano wa ku Paris wa 1999 uli umboni wachiwiri, pambuyo pa uja wa 1988. Graf, atatsala masiku ochepa kuti akwanitse zaka 30, anagonjetsa Lindsay Davenport yemwe anali pa nambala 2, kenako Seles yemwe anali pa nambala 3, ndipo m'ndime yomaliza anakumana ndi Hingis wa zaka 18, nambala 1 padziko lonse. Hingis anatenga seti yoyamba ndipo m'seti yachiwiri anatsala pang'ono kumaliza masewero, koma anakangana ndi woyimbira pa malo amene mpira unagwera mpaka kudutsira mbali ya Graf, zomwe malamulo saloleza, ndipo khamu la ku Paris linamutembenukira. Graf anapambana 4-6, 7-5, 6-2. Apa panalibe amene anamuchotsera mdani panjira, chifukwa onse atatu omwe anali pamwamba anawagonjetsa yekha mkati mwa sabata imodzi, pomwe mbadwo wa Evert ndi Navratilova, umene anayamba nawo, unali utapuma kalekale. Chikho chimenechi chinali chachisanu ndi chimodzi ku Paris, kuwonjezera pa zisanu ndi ziwiri za ku Wimbledon, zisanu za ku New York ndi zinayi za ku Melbourne. Serena Williams anadzamupitirira pofika 23, ndipo Court ali ndi 24, koma palibe mkazi wina amene anatenga chilichonse mwa zikho zinayizi kanayi kapena kupitirira.

Patatha mwezi umodzi anafikanso m'ndime yomaliza ku Wimbledon n'kugonja kwa Davenport. Pa 13 Ogasiti 1999 analengeza kuti wasiya tenesi, ali pa nambala 3, ndi zikho 107 zonse pamodzi komanso masabata 377 pa nambala 1. Mu 2001 anakwatiwa ndi Andre Agassi ndipo anakhazikika ku Las Vegas. Bungwe la Children for Tomorrow, limene analiyambitsa mu 1998 kuti lizithandiza ana osokonezeka maganizo chifukwa cha nkhondo ndi nkhanza, lili ndi likulu lake ku Hamburg.