Mowa wa Zipatso za m'Mpanda

Ku England kuli citsamba ca minga cochedwa blackthorn, cimene cimabala tizipatso takuda tonga masau, dzina lake sloe. N'towawasa kotero kuti munthu akatafuna kamodzi kokha m'kamwa mumauma gwa. Komabe Angerezi amatithyola m'mwezi wa October, natiboola ndi singano, nativiika m'botolo pamodzi ndi shuga ndi kacasu wao wochedwa gin. Ena amaponyamo sinamoni kuti anunkhire. Pakapita miyezi itatu mowawo wafiira psu.

Mbiri ya mowa umenewu siikoma monga mwini wake. William wa ku Holland atalowa ufumu wa England mu 1689, boma linalimbikitsa anthu kuphika kacasu wa dzinthu za m'minda yao. Gin anacuruka, wochipa koma wokakala pakhosi, wofunika comuziziritsa ukali.

Zipatsozo zinacuruka cifukwa ca nkhani ya malo. Pakati pa 1604 ndi 1914 nyumba ya malamulo inapanga malamulo oposa 5,200 ogawa minda ndi mabusa a mudzi wonse kuti akhale a munthu mmodzi-mmodzi, makamaka eni cuma. Iwowa anazinga malo ao ndi mipanda ya mitengo ya minga, ndipo blackthorn anamera m'menemo. Wosauka amene kale anali kudyetsa ng'ombe yake ndi kutola nkhuni pamenepo anatsala kunja kwa mpanda. Ambiri anathawira ku mizinda kukafuna nchito. Otsalawo anathyola tizipatso ta m'nthambi zolendewera ku njira, nativiika m'mabotolo.