NYUMBA ZATHU ZINKAMERA M'NTHAKA

Lero ndati tikumbutsaneko mbiri ya nyumba zathu, poti ana ambiri akukula akuyesa kuti nyumba ndi njerwa ndi malata basi.

Makolo athu sankagula kanthu pomanga. Nsichi ankadula m'thengo, amasankha muwanga poti chiswe chimaulephera. Luzi ankafundula ku mombo, udzu ankamweta ku dambo mvula ikatha. Nyumba inali yozungulira, denga lotsika ndithu kuti mvula isamenye chipupa, ndipo mwezi wa Okutobala dzuwa likalusa, m'katimo munkazizira bwino.

Abambo akamaliza kufolera, ntchito inkatsala m'manja mwa amayi. Paja kwathu kuno mwamuna ndiye amapita chikamwini, choncho mwini nyumba weniweni anali mayi. Iye ndiye ankadziwa kokumba mtsiro wakuda, katondo wofiira ndi dothi loyera. Ankazira pansi, kukhula ndi mwala wosalala mpaka kuwala, kenaka kulemba mizere, madontho ndi maluwa pakhonde ndi dzanja lake. Mlendo ankangoona chipupa n'kudziwa kuti pano pali mayi wosamala.

Luso limeneli silinayambe dzulo ayi. Kuphiri la Chifumbazi kuli zojambula zofiira pamiyala, zimene akuluakulu amati anasiya ndi Akafula. M'chaka cha 1907 Mjeremani wina, Carl Wiese, anakumba pamenepo napeza mapale a miphika yakalekale. Ku Chongoni, m'boma la Dedza ku Malawi, kuli malo 127 otere, ndipo zojambula zoyera za kumeneko ndi za Achewa anzathu, za chinamwali ndi za nyau. Bungwe la UNESCO linawalemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Taonani, dothi lomwe lija lapakhonde!

Chinasokoneza ndi nkhondo. Nkhondo ya ufulu itafika m'chigawo cha Tete mu 1968, Apwitikizi anayamba kusonkhanitsa anthu m'midzi yokakamiza, nyumba pamzere ngati mizere ya chimanga. Nkhondo yachiwiri inathawitsa ambiri kupita ku Zambia ndi ku Malawi. Munthu wothawa azire khonde la yani? Mtendere utabwera pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera ndi maso atsopano, ndalama za fodya n'kubweretsa njerwa zootcha ndi malata.

Ine malata sindikuwanyoza, mvula sadontha ndipo moto sagwira msanga. Koma uvuni wa njerwa ukudya mitengo yomwe ija inkatipatsa nsichi ndi luzi, ndipo agogo odziwa kokumba mtsiro akutha mmodzimmodzi.

Pempho langa ku makalabu ndi ili: tiwafunse amayi achikulire adakali moyo, atilozere maenje a dothi, atsikana aphunzire kuzira. Chipupa cha njerwa nachonso chimalola katondo.