Caka cimene Fitzroy inawina kamodzi cabe

Ku Australia kuli bola imene ambili a ife sitinaiseweleko. Mpila wake ni wooneka monga dzila, bwalo nalonso n'cimodzimodzi, ndipo timu iliyonse imalowetsa osewela 18. Ukacaya mpila n'kudutsa pakati pa mitengo iwili yaitali, wapata mapointi 6. Ukadutsa cakumbali, wapata pointi imodzi. Ndiye cifukwa cake timu imodzi ingafike pa mapointi 100 m'masewela amodzi. Ligi yaikulu ya bola imeneyi ni AFL, ndipo mu 1996 inali kukondwelela sizoni yake ya namba 100. M'caka ca cikondwelelo cimeneco, imodzi mwa matimu amene anayambitsa ligiyo inali kufa.

Fitzroy inabadwa mu 1883 m'komboni ya anthu anchito mu mzinda wa Melbourne. Inalipo pamene ligi inayamba mu 1897, ndipo inatenga cikho maulendo 8, koyamba mu 1898, kothela mu 1944. Koma mu 1966 inacoka pa bwalo lake la Brunswick Street, ndipo kucokela apo inakhala monga munthu wa lendi, lelo bwalo ili, mawa lina. Timu yopanda nyumba ivutika kusunga masapota, ndipo yopanda masapota ilibe ndalama. Osewela abwino anayamba kucoka mmodzimmodzi. Alastair Lynch anapita ku Brisbane, Paul Roos anapita ku Sydney. Mu 1995 Fitzroy inawina kawili cabe n'kuthela pansi pa tebulo.

Manje tione 1996. Pa masewela 22, Fitzroy inaluza 21. Kuwina kumodzi kuja kunabwela mu May, pa masewela a namba 8, pamene inagonjetsa Fremantle 107 kwa 76. Tikaona manambala amenewa tingafulumile kunena kuti anyamatawo sanali kudziwa bola. Koma tebulo ya ligi sionetsa nkhongole.

Fitzroy inali itakongola madola a ku Australia 1.25 miliyoni ku Nauru Insurance Corporation, kampani ya kacisumbu kakang'ono ka m'nyanja ya Pacific kamene kanalemela na miyala ya fosifeti. Akuluakulu a timu, motsogoleledwa na Dyson Hore-Lacy, anadziwa kuti paokha sadzapulumuka, conco anali kukambilana zophatikizana na North Melbourne. Akanatelo, masapota akanapitiliza kuona timu yao mu mzinda wao womwewo. AFL nayo inali kufuna kuti matimu awili aphatikizane, cifukwa Port Adelaide inali kulowa mu 1997, ndipo inalonjeza madola 6 miliyoni kwa amene adzavomela.

Pa 28 June, eni nkhongole anatopa kuyembekezela. Anaika Michael Brennan kuti ayendetse cuma ca timu, ndipo kucokela tsiku limenelo mau a akuluakulu a Fitzroy analibenso mphamvu. Pa 4 July matimu ena anavota kukana cikwati ca Fitzroy na North Melbourne. Anaopa kuti North, imene inali kale yamphamvu, ikaonjezela osewela a Fitzroy idzakhala yosagwilika. Mantha ao anali na maziko, pakuti North inatengadi cikho caka comweco. Tsiku lomwelo cigamulo cinapelekedwa: Fitzroy idzaphatikizana na Brisbane Bears, timu ya mzinda umene uli pa mtunda wa makilomita oposa 1,300 kucokela ku Melbourne. Mamembala amene anali kulipila makhadi ao caka na caka sanafunsidwe kuvota.

Koci Michael Nunan anatula pansi udindo, Alan McConnell n'kutenga timu. Tiganizile anyamata amene anatsala. Sizoni ikali pakati, koma aliyense adziwa kuti timu yatha, ndipo Brisbane idzatengako osewela 8 cabe. Wiki iliyonse anali kuvala yunifomu n'kulowa m'bwalo, osadziwa ngati caka camawa adzakhala na nchito.

Pa 25 August anasewela komaliza mu Melbourne, pa bwalo la MCG. Anthu 48,884 anabwela. Richmond sinawamvele cifundo: 187 kwa 36. Koma masewela atatha, masapota anadzaza bwalo, ena akulila, ena akuimba nyimbo ya timu yao. Anabwela kudzaika malilo, osati kudzawelenga zigoli. Pa 1 September, kutali ku Perth, Fitzroy inasewela masewela ake othela mu AFL. Fremantle, timu yokhayo imene iwo anaigonjetsa caka cimeneco, inabwezela 157 kwa 71.

Zimene zinacitika pambuyo pake zionetsa kuti luso linalipo. Martin Pike, amene anasankhidwa kukhala wosewela wopambana wa Fitzroy mu 1996, sanali pakati pa 8 aja. Anakatenga cikho na North Melbourne mu 1999, kenako Brisbane Lions inamuitana, ndipo anatenga vikho vina vitatu mu 2001, 2002 na 2003. Chris Johnson, mmodzi wa 8 aja, analipo pa vikho vitatu vimenevo. Anthu amene anali kucaiwa wiki na wiki atapata timu yokhala na ndalama, anakhala akatswili.

Masapota anagawikana. Ena anatsatila mkango wa pa yunifomu mpaka ku Brisbane, ndipo kwa iwo vikho vija vinapukuta misozi. Ena anakana, amvekele timu imene isewelela kutali conco si yao. Enanso analekelatu kuonelela bola. Palibe amene tingamuweluze pa atatuwa.

Ife okonda bola timathela nthawi yambili kukangana za koci, za lefali na za wosewela amene waphonya cigoli. Sitifunsa kawilikawili kuti bwalo ni la ndani, timu ili na nkhongole kwa ndani, ndipo zinthu zikavuta, ndani adzakhala na mau othela. Sizoni ya Fitzroy inagamulidwa na mafunso atatu amenewa.

Koma dzina silinafe. Kalabu inatuluka m'manja mwa oyang'anila nkhongole mu 1998, ndipo kucokela mu 2009 Fitzroy isewela mu ligi ya osalipidwa ya ku Victoria. Bwalo lake ni Brunswick Street, kumene inacoka mu 1966. Kulibe makamela ambili kumeneko, kulibe mamiliyoni. Kuli anthu a m'delalo, ana ao, na timu imene manje ili m'manja mwao.