Belu Likalira: Anyamata, Masewera ndi Chichewa ku Kadoma ndi Chegutu

M'gawo 6 la malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe, amene anakhazikitsidwa mu 2013, muli mndandanda wa ziyankhulo 16 zovomerezeka ndi boma. Chichewa chili poyamba penipeni. Sikuti chinaposa zinzake ulemu ayi, mndandandawo unangotsata alifabeti. Komabe kwa ife amene tinabadwira kumigodi ndi m'minda ikuluikulu, imene kuno timati mapulazi, kuona dzina la chiyankhulo chathu pamenepo kunali kodabwitsa. Zaka zanga zonse za kupulayimale ku Kadoma sindinaonepo liwu la Chichewa litalembedwa pabolodi. Nanga chiyankhulo chopanda buku m'kalasi, chopanda mayeso, chinakhala bwanji ndi moyo zaka zoposa 100 m'dziko la eni?

Mayankho amene amatchulidwa kawirikawiri ndi oona. Amayi anachisunga pamoto ndi pamtondo. Mpingo wa CCAP, umene ntchito yake pakati pa anthu ochokera ku Nyasaland inayamba ku Salisbury mu 1912 ndi Mbusa T.C.B. Vlok, unachisunga m'nyimbo ndi m'maulaliki. Gule wamkulu anachisunga kudambwe. Ine ndikuwonjezerapo malo ena amene olemba mbiri sawawerengera: bwalo lafumbi la kuseri kwa sukulu, ndi maola amene munthu wamkulu aliyense sankawayang'anira.

Tiyambe ndi malowo. Chegutu ndi Kadoma ndi matauni oyandikana pamsewu ndi panjanji yochoka ku Harare kupita ku Bulawayo. Mpaka 1982 ankatchedwa Hartley ndi Gatooma. Dzina la Hartley linachokera kwa Henry Hartley, mlenje wa njovu amene anayenda m'deralo m'zaka za m'ma 1860 n'kufalitsa mbiri ya golide. Golideyo ndiye anamanga matauni onse awiri. Mgodi wa Cam and Motor ku Eiffel Flats, pafupi ndi Kadoma, unali m'gulu la migodi yaikulu kwambiri ya golide m'dzikomo mpaka pamene unatsekedwa mu 1968. Ku Chakari kunali mgodi wa Dalny, ndipo kunalinso Golden Valley ndi Patchway. Pambuyo pa golide panabwera thonje: malo ofufuzira za thonje anatsegulidwa ku Gatooma mu 1925, kenako kampani ya nsalu ya David Whitehead inadzamanga mafakitale m'matauni awiriwa.

Ntchito zonsezi zinkafuna manja, ndipo manja ambiri anachokera kumpoto kwa Zambezi. Msonkho wa nyumba unatulutsa amuna m'midzi ya ku Dedza, Ntcheu, Mangochi, Chipata ndi Tete. Oyambirira anayenda pansi milungu yambiri. Ena anagwidwa ndi bungwe lolemba anthu ntchito la Rhodesia Native Labour Bureau, limene linayamba mu 1903, ndipo anthu analipatsa dzina loti chibalo. Pambuyo pa mgwirizano wa 1936 pakati pa Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland, kunabwera magalimoto onyamula anthu osalipira, otchedwa Ulere, kenako Mthandizi. Taonani kuti ngakhale maina a njira zotengera anthu anali a Chichewa. Ambiri sanabwerere kwawo, anasanduka matchona. Agogo anga aamuna anali mmodzi mwa iwo. Anakwatira komweko, nabereka ana mukomboni ya pamgodi, ndipo anawo anafunika sukulu.

Sukulu za nthawi ya atsamunda zinali za mitundu iwiri yosakumana. Kwa ana a azungu maphunziro anali okakamiza kuyambira 1930. Anyamata a mabanja opeza bwino ankatumizidwa kusukulu zogonera komweko monga Ruzawi ku Marondera, imene inatsegulidwa mu 1928 ngati sukulu ya anyamata okhaokha. Kumeneko masewera anali phunziro: kiriketi ndi ragibe, yunifolomu yake, mphunzitsi ndi wezulo wake. Mwana wa munthu wakuda wa pamgodi kapena papulazi ankadalira mishoni kapena chifundo cha mwini malo. Sukulu zambiri za m'mapulazi zinkalekeza m'makalasi oyambirira, chifukwa mwini pulazi ankafuna wotola thonje, osati kalaliki. Ndalama zikachepa panyumba, amene ankapitiriza sukulu anali mnyamata, choncho makalasi apamwamba ankadzaza ndi anyamata.

Ufulu wa 1980 unasintha zinthu mwadzidzidzi. Boma linachotsa fizi kupulayimale, ndipo ana olembetsa anachoka pa 800,000 ndi kanthu mu 1979 kufika poposa 2 miliyoni pofika 1985. Zipinda sizinakwane. Njira imene inapezeka ndi yoti gulu lina lizilowa m'mawa, lina masana. Anthu ankaitcha hot seating, chifukwa wamasana ankapeza benchi likadali lofunda. Akuluakulu a maphunziro ankadandaula nazo, ndipo anali ndi zifukwa zomveka. Koma dongosolo lobadwa ndi umphawili linapatsa anyamata mphatso imene palibe anaikonza: theka la tsiku lopanda mwini.

Ndinayamba giredi 1 mu 1995, ndipo tsiku lathu linkayenda motere. Belu linali chitsulo cha njanji chopachikidwa pamtengo. Tisanafole tinkasesa bwalo ndi masache ndi kutola zinyalala. Pamzere tinkaimba nyimbo ya fuko yatsopano imene inayamba mu 1994, ndipo aphunzitsi ena ankaiphonyabe mawu. Ankatiyendera zikhadabo, tsitsi ndi kolala ya malaya akhaki. M'kalasi munali ziyankhulo ziwiri zokha, Chingerezi ndi Chishona. Lamulo la maphunziro la 1987 linkalola nduna kuvomereza kuti ziyankhulo za anthu ochepa ziphunzitsidwe kupulayimale, koma kwathu chilolezocho sichinafike. Pachingerezi tonse tinali alendo mofanana. Pachishona alendo tinali ife tokha: mphunzitsi akafunsa mutupo wako, ndiko kuti mfunda, ndi mudzi wa kwanu, mwana wa mukomboni ankayang'ana pansi. Nthawi yopuma inali ya maputi, chimanga chokazinga chotukumuka, kwa amene anali ndi kandalama, ndipo ena tonse tinkatambasula manja. Lachisanu kunali ntchito ya kudimba la sukulu.

Belu lomaliza likalira m'pamene tsiku lenileni linkayamba. Mpira unali wachikulunga, wa mapepala apulasitiki omangidwa ndi luzi kapena mphira, umene anzathu a Chishona amati chikweshe. Magolo anali njerwa ziwiri kapena nsapato za amene anali nazo. Mtanda wapamwamba kunalibe, ndiye mpira uliwonse wodutsa pamutu pa goloboyi unkabala mlandu. Woyimbira kunalibenso. Mlanduwo tinkauzenga tokha, aliyense ndi umboni wake, mpaka titagwirizana, chifukwa tonse tinkadziwa kuti mwini mpira akakwiya anyamula mpira wake. Mnyamata wa zaka 9 ankaphunzira pamenepo zimene makolo athu ankaphunzira pabwalo la mfumu: kuyankhula mokopa anthu, kumvera mnzako mpaka amalize, kugonja pang'ono kuti zinthu zipitirire. Kukomboni milandu yonseyi inkazengedwa m'Chichewa. Wabera! Sunalowe! Tiyambirenso! Mwana amene amayi ake anali Mshona, kapena amene makolo ake anali Ayao kapena Asena, ankatola mawu amenewa chifukwa popanda iwo sakanapambana mlandu.

Ntchito yanga lero ndi yomasulira, ndipo dikishonale yanga yoyamba inali masewerawa. Pafupifupi aliwonse anali ndi maina awiri. Masanje athu iwo amati mahumbwe. Ndado ndi nhodo, phada ndi pada, legeni ndi rekeni, chibisalirano ndi chihwandehwande. Ntchuwa imene tinkakumba pansi potsanzira madoda a bawo pansi pa mtengo, iwo amati tsoro. Malamulo ake sankafanana ndendende, choncho masewera asanayambe pankakhala kukambirana: tisewera ya kwanu kapena ya kwathu? Kumasulira kumayambira pomwepo, pozindikira kuti mawu awiri akhoza kuloza chinthu chimodzi koma osanyamula katundu wofanana. Palibe mphunzitsi anatiuza zimenezi. Tinazipeza tokha chifukwa tinkafuna kusewera dzuwa lisanalowe.

Zina tinkazipanga ndi manja. Galimoto zamawaya zinali ndi chiwongolero chachitali ndi mateyala a zitini za polishi, ndipo katswiri ankaikamo ndi masipuling'i. Nthawi ya dzinja tinkaumba ng'ombe zadongo, ngakhale kuti makolo athu analibe khola kapena munda wawo m'dzikomo. Pambuyo pokolola tinkapita kokumba mbewa. Loweruka gule akavinidwa, Lolemba lake ana aang'ono ankavala masaka ndi makatoni kuseri kwa nyumba n'kumatsanzira mapazi ndi nyimbo, mpaka wamkulu wina atawathamangitsa, popeza za kudambwe si zoseweretsa. Koma nyimbozo zinali zitalowa kale m'mutu. Pamene bungwe la UNESCO linalengeza mu 2005 kuti gule wamkulu ndi chuma cha anthu onse, linatchula Malawi, Mozambique ndi Zambia. Zimbabwe sanatchulidwe, chonsecho ng'oma zinkalira m'makomboni a Chakari ndi Eiffel Flats.

Ufulu umenewu sunali wa onse mofanana. Maola amene ife tinkathamangitsa mpira, alongo athu ankatunga madzi, kutsuka mbale ndi kubereka ana kumbuyo. Phada ndi fulaye ankazisewera mobera nthawi, khutu lili kwa amayi. Bwalo lomwelo linalinso malo a chipongwe. Kumeneko n'kumene tinamva koyamba dzina loti mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre, ndiponso liwu laulemu loti achimwene likusandutsidwa chitonzo. Anyamata ena anasiya Chichewa chifukwa cha bwalo lomwelo, makamaka amene anasamukira kumalokeshoni a Rimuka ku Kadoma ndi Pfupajena ku Chegutu, kumene ochuluka anali oyankhula Chishona. Masewera sasankha chiyankhulo mwachifundo, amatsata unyinji. Chichewa chinalimba pamene ana ochiyankhula anali ambiri pamalo amodzi, ndiponso ali ndi nthawi yokhala pamodzi. Zinthu ziwirizi zikasowa, chimazilala.

Mpira wachikulunga uja unali ndi kopita. Makampani a migodi ankakonda timu zampira pofuna kuti antchito asamaganize zambiri, koma osewerawo anakulira pafumbi la mukomboni. Timu ya Rio Tinto ya ku Eiffel Flats inavutitsa timu zazikulu za ku Harare ndi Bulawayo, ndipo wosewera wake Ephert Lungu anasankhidwa kukhala katswiri wa chaka mu 1983. Akuluakulu athu ankatchula dzina lake ndi la Joseph Zulu ngati akutchula abale awo. Benjani Mwaruwari, amene anabadwira ku Bulawayo m'banja lochokera ku Malawi, anafika mpaka ku Portsmouth ndi Manchester City. Koma phindu la masewera lisayezedwe ndi ochepa amene anatchuka. Ambiri a ife tinangotengapo anzathu, chiyankhulo ndi luso lothetsa mkangano popanda chibakera.

Dziko limenelo linaphwasuka mofulumira. Ndondomeko ya chuma ya ESAP, imene inayamba mu 1991, inabweza fizi m'sukulu za m'tauni ndipo inachotsa anthu ambiri ntchito. Kulanda minda kumene kunayamba mu 2000 kunabalalitsa antchito a m'mapulazi ozungulira Chegutu ndi Kadoma, ndipo ambiri analibe mudzi wobwererako. Lamulo la unzika la 2001 linachititsa kuti anthu obadwira m'dzikomo, koma makolo awo ali ochokera kunja, aziwerengedwa ngati alendo. Mu 2008 ndalama inatha mphamvu, aphunzitsi ananyanyala ntchito miyezi yambiri, ndipo kumapeto kwa chakacho kolera inapha anthu ambiri ku Chegutu. Mafakitale a nsalu anafooka. Komboni ikabalalika, timu ya ana imabalalikanso.

Lero mnyamata wa m'matauni awiriwa ali ndi chiyankhulo chake m'malamulo a dziko, ndipo malamulo omwewo a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo amene makolo awo anachokera m'maiko a SADC. Koma theka la tsiku lija analandidwa. Akaweruka amapita kumaphunziro apadera olipira, chifukwa makolo akuopa mayeso a giredi 7, ndipo mantha awo ndi omveka. Wa kubanja losauka amakopeka ndi golide wa makorokoza, okumba pawokha. Thengo limene tinkasakamo mbewa ladzaza maenje, ndipo ngozi ya ku Battlefields pafupi ndi Kadoma, imene inapha anthu oposa 20 madzi atasefukira m'migodi mu February 2019, ikukumbukiridwabe. Kholo loletsa mwana kupita kutchire silikulakwa.

Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, m'gawo 31, limati kusewera ndi ufulu wa mwana, ndipo pangano la maiko a mu Africa la 1990 limanenanso chimodzimodzi m'gawo 12. Amene tikufuna kuti Chichewa chilowe m'kalasi ku Zimbabwe timapempha mabuku, aphunzitsi ndi mayeso, ndipo n'zofunikadi. Koma mbiri ya Kadoma ndi Chegutu ikusonyeza kuti buku limadza pambuyo. Chiyankhulo chimene mwana sakanganira nacho chigoli, sasekera nacho mnzake, sanyengerera nacho mwini mpira, adzachiloweza Lachinayi n'kuchiiwala Loweruka. Pa zopempha zathu kwa makhansala ndi akuluakulu a sukulu tiwonjezerepo ziwiri zotsika mtengo: bwalo lopanda maenje limene silidzagulitsidwa kukhala mapuloti, ndi maola awiri masana amene ana adzakonza okha chochita.