Mmene ndege zinasamukira ku Durban

Nditafika ku Durban mu 1998 ndinapeza kachipinda ka lendi ku Isipingo, kummwera kwa mzindawu. Usiku woyamba tulo sindinatione. Ndege ikamanyamuka malata ankanjenjemera, makapu ankagundana pashelefu, ndipo wolankhula ankayamba wadikira kuti idutse. "Achimwene, mwezi umodzi wokha muzolowera," anatero mnzanga wa ku Mangochi amene anandilandira. Ndinazoloweradi, mpaka ndege yoyamba ya ku Joni inasanduka tambala wanga.

Bwalo limene linkatisokosalo linatsegulidwa mu 1951 pamalo otchedwa Reunion. Linkadziwika ndi dzina la Louis Botha mpaka 1994, pamene analitcha Durban International. Koma silinali loyamba. Ndege za ku Durban zinayambira ku Stamford Hill, dera lomwe lero kuli bwalo la mpira la Moses Mabhida. Kampani ya South African Airways itabadwa mu 1934 likulu lake linali komweko, isanasamukire ku Germiston chaka chotsatira.

Nthawi imene ndimaikonda kwambiri m'mbiriyi ndi ya ndege zotera pamadzi. Kuyambira 1937, ndege za Imperial Airways zinkanyamuka ku Southampton, kudzera ku Alexandria, kutsata mtsinje wa Nile mpaka Kisumu, kenako kutsika ndi gombe: Mombasa, Dar es Salaam, Beira, Lourenço Marques, n'kudzatera padoko la Durban pakati pa sitima zonyamula katundu. Ulendowu unkatha pafupifupi sabata, ndipo apaulendo ankagona m'mahotela panjira chifukwa ndegezo zinkauluka masana. Nkhondo itatseka njira ya pa Mediterranean mu 1940, Durban inasanduka poyambira ulendo wopita ku Sydney kudzera ku Cairo. Mnzanga uja nditamufotokozera izi sanadabwe. Kwawo akuluakulu amakumbukira ndege zoterezi, za BOAC, zikutera pa Cape Maclear mu 1949 ndi 1950.

Vuto la bwalo la ku Reunion tinkaliona ndi maso. Msewu wothamangapo ndege unali wa makilomita 2.4 okha, ndipo unalibe kokulira: uku ngalande ya mtsinje wa Umlazi, uku mafakitale ndi matanki a mafuta, uku ife ndi nyumba zathu. Boeing 747 yodzaza anthu ndi mafuta a ulendo wautali sikanatha kunyamukapo. Boma linadziwa kalekale. Mu 1973 linayamba kusalaza minda ya nzimbe ku La Mercy, makilomita 35 kumpoto kwa mzinda, koma pofika 1982 ntchito inaima chuma chitavuta. Malowo anangokhala choncho zaka zoposa 20. Ndimaganiza kuti pakanapanda mpira wa World Cup wa 2010, bwenzi akukambiranabe.

Kusamukako kunachitika usiku umodzi. Ndege zomaliza zitatera pa 30 Epulo 2010, magalimoto anachezera kututa masitepe, ngolo za zikwama ndi zipangizo zina kupita kumpoto. Pa 1 Meyi bwalo la King Shaka linayamba ntchito, msewu wake wa makilomita 3.7. Mmawa umenewo ndinagonereza mpaka dzuwa litakwera.

Bwalo latsopanolo linayamba ndi manyazi ake. Chiboliboli cha Shaka chimene anachiimika pakati pa ng'ombe chinachotsedwa Mfumu ya Azulu Goodwill Zwelithini atadandaula kuti chikuoneka ngati mnyamata wabusa, osati mfumu yankhondo. Ndiye pa 7 Julaye, tsiku limene Spain inkasewera ndi Germany mu World Cup ku Durban, ndege zing'onozing'ono za anthu olemera zinadzaza poimika ndege. Ndege zina zodzaza ochemerera zinabwezedwa, anthu ali ndi matikiti m'matumba, mpira osauona.

Chimene chinandikoka kupita kumpotoko si ndege ayi. Pafupi ndi bwaloli, ku Mount Moreland, kuli dambo la bango kumene anamzeze ochokera ku Ulaya ankagona nthawi yachilimwe, mamiliyoni ndithu. Pomanga bwalo anaika makina owayang'anira kuti oyendetsa ndege azichenjezedwa. Ndinapitako madzulo ena mu Novembala ndi mwana wanga wamkazi. Tinakhala pa udzu, kumwamba kunada bii ndi timbalame, kenako tonse tinagwera m'bango ngati mvula, ndege ya ku Cape Town ikudutsa pamwamba pake.