Mafunso ndi Mayankho: Kodi Matenda a Khunyu Amachokera Kuti?

FUNSO: Mdzukulu wanga wa zaka 12 wayamba kugwa khunyu. Amauma thupi lonse, kenako n'kumaphupha, thovu lili kukamwa. Pamudzi akuti anamupondetsa mankhwala, ndipo anzake asiya kudya naye mbale imodzi. Koma kuchipatala anatifunsa ngati timaweta nkhumba. Nanga nkhumba ikukhudzana bwanji ndi mutu wa mwana? Ndine agogo a ku Kacholola, Nyimba.

YANKHO: Agogo, pepani ndi matendawa. Mwachita bwino kupita naye kuchipatala, ndipo funso la nkhumbalo sanakufunseni mwangozi. Koma tiyambire m'mutu momwemo.

Ubongo wa munthu uli ndi maselo a mitsempha pafupifupi 86 biliyoni. Selo lililonse lili ndi tinthambi tolandirira uthenga ndi kamchira kamodzi kotumizira. Timichira tina n'tatitali ndithu, kuchokera m'munsi mwa msana mpaka kuchala chachikulu cha kuphazi. Uthenga umathamanga m'menemo ngati magetsi, pena mamita oposa 100 pa sekondi imodzi. Mukaponda khala la moto pophika, phazi limachoka musanaganize n'komwe, chifukwa uthengawo umakhotera mumtsempha waukulu wa mumsana n'kubwerera kumwendo, ubongo n'kumva ululu pambuyo pake.

Maselowa sagwirana. Pakati pawo pali kampata kosaoneka ndi maso, ndipo uthenga umawoloka pamenepo ndi timadzi tamankhwala, tina touza selo lotsatira kuti liyankhe, tina toliuza kuti likhale chete. Amene anaonetsa kuti selo lililonse ndi lapalokha ndi Santiago Ramón y Cajal wa ku Spain, yemwe analandira mphotho ya Nobel mu 1906. Zonse zikamayenda bwino, maselo amalandizana ngati oimba ng'oma pabwalo, aliyense nthawi yake. Khunyu ndi pamene maselo ambirimbiri aphulitsa magetsi awo nthawi imodzi. Minofu yonse imalandira lamulo limodzi, n'chifukwa chake mwana amauma ndi kuphupha. Dokotala wina wa ku London, John Hughlings Jackson, anafotokoza zimenezi kale m'zaka za m'ma 1870.

Chosokoneza maselowo chingakhale kuvulala mutu, kubadwa movutikira, malungo ofika ku ubongo kapena matenda oumitsa khosi. Ena amabadwa nawo m'magazi. Kwathu kuno kulinso china, chimene ofufuza a ku University of Zambia anachipeza m'midzi ya Petauke ndi Katete: njoka ya m'mimba yotchedwa Taenia solium.

Mukuidziwa nyama ya nkhumba ya masese, ija imakhala ndi timatuza toyera ngati njere za mpunga, timene ogula nkhumba amayang'ana kunsi kwa lilime asanalipire. Munthu akadya nyama yoteroyo isanapse bwino, m'matumbo mwake mumakula njoka yaitali mamita angapo, ndipo mazira ake amatuluka ndi chimbudzi. Akadzithandiza kuthengo, nkhumba zoyendayenda zimadya n'kuchita masese. Apa ndi pamene ambiri amasokoneza: si nyama imene imapita ku ubongo, koma mazirawo. Munthu akawameza kudzera m'manja osasamba, m'madzi kapena pandiwo zosatsuka, amaswa, tiana ta njokayo n'kuyenda ndi magazi mpaka kukamanga masese mu ubongo. Timatuzato tikayamba kufa, mwina patapita zaka, pamalopo pamatupa kapena kutsala chipsera, maselo oyandikana nawo n'kumaphulitsa magetsi mwachisawawa. Ngakhale munthu amene sanalawepo nkhumba angadwale. Bungwe la WHO limati kumadera kumene njokayi ili yofala, odwala khunyu atatu mwa 10 alionse anadwala chifukwa cha njoka imeneyi. Ine zimandiwawa kuona mudzi ukulozana zala za ufiti, pamene chimene chikusowa ndi chimbudzi, khola la nkhumba ndi sopo.

Sindinganene kuti mdzukulu wanu ali ndi masese, oyeza ndi achipatala. Chimene ndikutsimikiza n'chakuti khunyu sapatsirana. Thovu, malovu, mpweya woipa, mbale, zonsezi zilibe matendawa. Auzeni makolo a anzakewo, mwana abwerere pambale ndi kusukulu.

Akagwa, musamuike supuni kapena chala m'kamwa, lilime silimezeka. Muchotseni pafupi ndi moto, muikireni chitenje kumutu, ndipo kuphupha kukatha mugoneke cham'mbali. Kukapitirira mphindi 5, thamangirani naye kuchipatala. Asamakatunge madzi kapena kusamba kumtsinje yekha. Mankhwala monga phenobarbitone ndi carbamazepine amakhazika maselowo pansi, ndipo odwala okwana 7 mwa 10 angathe kusiya kugwa akamamwa mwandondomeko. Ngozi yaikulu ndi kusiyira panjira poona kuti wakhala miyezi osagwa. M'botolo mukatsala mapiritsi a sabata imodzi, agogo, yambani kukonza za ulendo wokatenga ena.