Durban: mzinda wa doko ndi mbiri ya Asilamu ake

Achinyamata ambiri a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota amene amapita ku Durban kukafuna maganyu amaona mzindawu ngati wa eni ake, ndipo mizikiti yake amaiyesa ya Amwenye okha. Mbiri ya madera ake ikusonyeza kuti anthu ochokera kufupi ndi kwathu kuno ali m'gulu la amene anadzala Chisilamu kumeneko.

Mzindawu unapatsidwa dzina la Durban mu 1835, potengera bwanamkubwa Benjamin D'Urban, ndipo Azulu amautchula kuti eThekwini. Doko lake ndi limodzi mwa madoko otanganidwa kwambiri mu Africa. Mu Novembala 1860 sitima yotchedwa Truro inatsitsa padokoli Amwenye oyamba amene anabwera kudzalima nzimbe m'minda ya Azungu. Pambuyo pawo panafika amalonda, ndipo mu 1881 Aboobaker Amod Jhaveri ndi mnzake anagula malo m'msewu wa Grey, umene lero ukutchedwa Dr Yusuf Dadoo. Pamalowo pali Juma Masjid, mzikiti waukulu umene umadzaza ndi anthu zikwizikwi pa swala ya Lachisanu. Pafupi pake pali msika wa Victoria Street wa zonunkhiritsa ndiwo, komanso manda a Brook Street kumene kunagonekedwa Badsha Peer. Kumpoto, m'mbali mwa mtsinje wa Umgeni, kuli Riverside, kumene Soofie Saheb, amene anafika mu 1895, anamanga mzikiti, madrasa ndi nyumba ya ana amasiye.

Kutsidya kwa doko kuli chitunda chotchedwa Bluff. Mu 1873 sitima za nkhondo za Britain zinayamba kubweretsa ku Natal anthu amene zinawalanditsa m'zombo za ogulitsa akapolo. Ambiri anali Amakua a kumpoto kwa Mozambique, abale a Alomwe pa chiyankhulo. Anthu anawatcha Azanzibari, ngakhale kwawo sikunali ku Zanzibar. Asilamu a m'gululi anakhazikika ku King's Rest pa Bluff, kumene amalonda a Chisilamu anawagulira malo mu 1899. Anamanga mzikiti, nalima minda, napatula manda awo. M'kupita kwa zaka, Ayao ena ochokera ku Nyasaland anakhala nawo ndi kukwatirana nawo.

Lamulo la tsankho la Group Areas Act la 1950 linagawa mzindawu potengera khungu. Bluff inakhala ya Azungu, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 Azanzibari anasamutsidwa mokakamiza kupita ku Chatsworth, dera limene boma linakonzera Amwenye. Minda inatayika, koma mzikiti ndi manda a ku King's Rest zinatsala, ndipo zidzukulu zawo zikupitabe kumeneko kukawerengera duwa makolo awo.

Choncho amene ali ndi mwana kapena m'bale ku Durban amuuze kuti pa tsiku lopuma asathere kugombe la Golden Mile kokha. Aswali Jumu'a ku Grey Street, afunse njira ya ku Bayview m'Chatsworth kumene Azanzibari ambiri amakhala, kenako akwere ku Bluff kukapereka salamu kumanda a anthu amene anachoka m'zombo za ukapolo n'kusunga chipembedzo chawo kwa zaka zoposa 150.